Funsani za ngongole musadagule masheya



Ndiloleni kadanga m'nyuzi yanu kuti ndilankhuleko ndi anzanga amene masiku ano maso ali pa masheya, makamaka aphunzitsi ndi ena amene angolandira kumene ndalama zawo zopumira pa ntchito. Pali mawu amene akumveka kawirikawiri akuti kampani ya mafuta kapena ya magetsi siingagwe, poti galimoto siyendera madzi ndipo chigayo sichilira chokha. Inde kampaniyo ikhoza kukhalapo, utsi uli tolotolo pa fakitale, koma mwini masheya atasauka. Chimene chimadzetsa zoterezi ndi ngongole.

Chitsanzo changa ndachitenga ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri. Kumeneko kuli kampani yotchedwa Sasol, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1950 ndipo imapanga petulo ndi dizilo kuchokera ku malasha. Fakitale yake yaikulu ili ku Secunda, ndipo gasi wina imakatenga ku Pande ndi ku Temane m'dziko la Mozambique. Si kakampani kamasewera ayi. M'chaka cha 2014 sheya imodzi ya Sasol pa msika wa ku Johannesburg idapitirira R600.

M'chaka chomwecho akuluakulu a kampaniyi adavomereza zomanga chifakitale cha mankhwala opangira mapulasitiki ku Lake Charles, m'dera la Louisiana ku America. Adati ntchito yonse idya $8.9 biliyoni. Pofika 2016 mtengo udakwera kufika $11 biliyoni, ndipo mu May 2019 adaulula kuti upitirira $12.6 biliyoni. Aliyense amene adamangitsako mdadada wa sukulu akudziwa kuti mtengo wa pa pepala ndi wina, wa pa tsiku lokhoma malata ndi winanso. Koma mdadada ukavuta makolo amaumba njerwa zina, pamene Sasol ndalama zambiri zomalizira idachita kukongola, m'madola. Mu October 2019 akuluakulu awiri amene ankayendetsa kampaniyi pamodzi, a Bongani Nqwababa ndi a Stephen Cornell, adatula pansi maudindo, ndipo phindu lomaliza la chakacho silidagawidwe kwa eni masheya.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kampani ya mafuta siiika yokha mtengo wa katundu wake. Ili ngati mlimi wa fodya amene watenga feteleza pa ngongole: zobweza zidalembedwa kale, koma mtengo wa fodya akaumvera ku okushoni. Mu January 2020 mgolo umodzi wa mafuta osayenga unkagulidwa pa mtengo wopitirira $60. Mu March, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, komanso Saudi Arabia ndi Russia atasemphana pa za kuchuluka kwa mafuta opopa, mtengowo udatsika kufika pansi pa $30. Ndalama zolowa zidachepa, koma ngongole siidachepe ndi tambala yomwe. Sheya imene kumayambiriro kwa chakacho inali pafupifupi R300 idagwa mpaka pansi pa R30. Tiyeni tiwerengetse ngati ana a Sitandade 8: munthu amene adaikamo R30,000 mu January adatsala ndi ndalama zosakwana R3,000 mwezi wa March usadathe.

Pa 30 June 2020 ngongole yonse ya Sasol inali pafupifupi R190 biliyoni, ndipo chaka chimenecho kampaniyi idaluza R91 biliyoni. Komatu nambala ya ngongole payokha siiuza munthu kanthu. K1 miliyoni ndi ngongole yophetsa mtima kwa wogulitsa mandasi, koma kwa mwini esiteti ndi yaing'ono. Chofunika ndi kuiyerekeza ndi zimene kampaniyo imapeza. Amabanki amatenga ngongole yonse, nachotsapo ndalama zimene kampani yasunga, kenaka yotsalayo naigawa ndi phindu la pachaka lisadachotsedwepo chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina. Phindu limeneli m'malipoti amalilemba kuti EBITDA. Yankho lake limakuuzani kuti kampaniyo ingatenge zaka zingati kuti ibweze ikadakhala kuti siigula kanthu kena kalikonse. Pangano la Sasol ndi mabanki ake poyamba lidali lakuti yankholi lisapitirire 3. Mu June 2020 lidapitirira 4, ndipo kampaniyi idapulumuka chifukwa mabankiwo adavomera kufewetsa pangano lija.

Chimene ndikupempha anzanga ndi chakuti samuyi musaichite ndi phindu la chaka chabwino chokha. Dulani phindulo pakati, muichitenso. Ngongole imene pa chaka chabwino ikupereka yankho la 2, pa chaka choipa ipereka 4, ngakhale kampaniyo isadakongolenso kwina. Ogulitsa masheya sakonda kuchita samu yachiwiriyi pamaso pa wogula, ndipo sindikuwaimba mlandu kwenikweni, iwonso ali pa malonda.

Kumbukiraninso kuti pa mphika wa kampani mwini masheya amadya pomalizira. Amayamba ndi antchito ndi ogulitsa zipangizo, kenaka banki itenge chiwongoladzanja chake, boma litenge msonkho, inu n'kumadikira nkhoko. Zinthu zikathina kampani imagulitsa katundu, kapena imatulutsa masheya atsopano pa mtengo wotsika, ndipo gawo lanu limachepa ngati simuonjezera ndalama. Sasol idalengeza mu March 2020 kuti ikhoza kupempha eni masheya mpaka $2 biliyoni. Izi idadzazisiya mu 2021, koma itagulitsa theka la gawo lalikulu la fakitale ya Lake Charles ija kwa kampani ya LyondellBasell pa mtengo wa $2 biliyoni. Eni masheya adasenza mtolo wonse womangira, koma zina mwa zokolola zikupita kwa mnzawo wobwera nsima itapsa kale.

Wina anena kuti, nanga amene adagula pa R30 sadalemere kodi, poti mu 2022 sheya yomweyo idapitiriranso R400? Zoona, adalemera. Koma chidawalemeretsa ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta, makamaka nkhondo ya ku Ukraine itabuka, chinthu chimene palibe adachidziwiratu mu March 2020. Mnyamata wa pa ntchito akhoza kuyesa mwayi wotere ndi ndalama yapadera. Nkhalamba imene yagwira penshoni yake yomaliza ilibe malipiro a mwezi wa mawa oti idzabwezeretse. Ndipotu m'chaka cha 2024 Sasol idalekanso kugawa phindu lomaliza la chaka chifukwa ngongole yake idali idakali pamwamba pa malire amene idadziikira yokha.

Kwathu kuno ESCOM, EGENCO ndi NOCMA ndi makampani a boma ndipo sali pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Koma munthu wogula masheya a Press Corporation adziwe kuti walowa kale m'malonda a mafuta, chifukwa kampaniyi ili ndi theka la Puma Energy Malawi. Sindikunena kuti kumeneko kuli vuto ayi. Ndikungoti funso la ngongole likutikhudza nafenso, ndipo kwa ife lili ndi mbali ina yowawa, ya mtundu wa ndalama imene adakongolera. Sasol randi ikagwa imapezako mpumulo pang'ono, poti mitengo ya katundu wake imatsatira dola. Kampani yogulitsa m'makwacha, pa mtengo woikidwa ndi MERA, imayenera kudikira. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole ya $1 miliyoni imene dzulo lake idali K1.18 biliyoni idadzuka ili K1.7 biliyoni, popanda wina kusainira pepala lililonse.

Zonsezi zimalembedwa m'lipoti la pachaka, koma osati kumayambiriro kumene kuli zithunzi za akuluakulu ovala masuti. Zili kumapeto, m'masamba a zilembo zing'onozing'ono, pamene amafotokoza kuti ngongole ndi ya m'madola kapena m'makwacha, chiwongoladzanja chake n'chokhazikika kapena chimakwera ndi cha banki yaikulu, komanso kuti gawo liti liyenera kubwezedwa m'miyezi 12 ikubwerayi. Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti makampani akatulutsa zotsatira zawo, atolankhani anu azitilemberako m'Chichewa nambala zitatu zimenezi pambali pa nambala ya phindu.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.