Chipuku sichimenyedwa nkhonya

Imwe amene muluza mu Pokémon chifukwa chokonda vilombo va minofu chabe, bwerani pafupi. Mwatulutsa Machamp wa manja anayi, mwasankha nkhonya. Mnzanu wabweza chilombo chake, walowetsa Gengar. Nkhonya ija yapita mu mphepo, turn yatha, simunamukhudze olo pang'ono. Mphamvu ya mtundu wa Ghost ili pamenepo: ma move a Normal na a Fighting sagwira chipuku, ndipo a Poison na a Bug amalowa theka chabe. Chipuku chimawina polowa pa nthawi yake, osati polimba thupi.

Thupi lomwelo ndiye vuto. Gengar ali na Speed 110 na Special Attack 130, koma HP na Defense ni 60 chabe. Athamanga monga minibasi ya m'mawa, koma akagundidwa kamodzi ni malata. Crunch imodzi ya Tyranitar imugoneka, pakuti Dark ndiye mankhwala a vipuku. Gengar alinso na magazi a Poison, choncho Psychic imupweteka. Kuyambira mu Sun na Moon, mu 2016, anamulanda Levitate, manje Earthquake nayo imupeza pansi. Vipuku vikakumana vokhavokha, wofulumira ndiye adya mnzake, ndipo Dragapult wa Speed 142 sayembekeza munthu. Musaiwale kuti lamulo lija lidya mbali zonse: Shadow Ball yanu pa Snorlax ni ziro.

Kale vinali vomvetsa chisoni. Mu magemu oyamba a 1996 vipuku vinali vitatu chabe, Gastly na Haunter a mu nsanja ya manda ku Lavender Town, kuphatikizapo Gengar. Vinayenera kugonjetsa Psychic, koma gemu inatuluka na cholakwika, Lick, move yokhayo ya Ghost imene ikanapweteka Psychic kwambiri, yosagwira konse. Alakazam anali kuseka chabe mpaka Gold na Silver zitakonza nkhaniyo mu 1999.

Ngati muyamba kumene, tengani Mimikyu, kaja kovala kansanza kofuna kufanana na Pikachu. Anthu akaona ngati chidole, koma Disguise yake imameza move yoyamba ya mdani. Mu magemu atsopano kamataya gawo limodzi mwa magawo 8 a HP, basi. Turn yaulere imeneyo muikepo Swords Dance, muone m'mene mnzanu ayambira kudandaula za network. Popeza ni Ghost na Fairy, Dragon sakagwiranso, koma mukabise mukaona Steel olo chipuku chinzake.

Anzanga a Pokémon GO pa foni, chenjerani. Kumeneko kulibe move imene imapita mu mphepo, Counter ya Machamp ichepa mphamvu koma imaluma ndithu. Ndipo musamalize ma candy 100 pa Haunter. Mukasinthana na mnzanu, asanduka Gengar kwaulere.