Woyera mtima amatenga nkhope ya kumene wafika

Munthu wa ku China akamva dzina la Guanyin amaona mayi wofatsa, wofunda nsalu yoyera, amene amamva kulira kwa ovutika. Koma ku India, kumene chipembedzo cha Buddha chinachokera, ameneyu ndi Avalokiteshvara ndipo ankajambulidwa ali mwamuna. M'mapanga a Mogao ku Dunhuang muli zithunzi zakale zomuonetsa ali ndi tindevu pamlomo. Pofika m'zaka za m'ma 1200, mmonke Muqi anamujambula ndi inki atakhala pathanthwe, mbali ina mbalame ya miyendo yaitali, mbali ina nyani atafukata mwana wake. Mlendo uja anali atasanduka wa pamudzi.

Sikuti zinasintha tsiku limodzi. Guanxiu, amene anamwalira mu 912, anajambula ophunzira a Buddha 16 otchedwa luohan ali ndi mphuno zazikulu, maso olowa ndi nsidze zolendewera, kuti aliyense aone kuti awa si obadwira ku China. Koma lero Buddha wam'tsogolo, Maitreya, ambiri amamudziwa ndi nkhope ya Budai, mmonke wa ku China komweko, wamimba yaikulu, woseka nthawi zonse, thumba lili paphewa.

Ife kuno ku Darwendale nkhaniyi si yachilendo. Makolo athu atabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, anabweretsa gule wamkulu. M'gule muli Maliya, mayi uja wa kumishoni, amene Achewa anamutenga n'kumulowetsa m'bwalo, ena akuti monyoza, ena akuti momulandira. Kumudzi, ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko anayamba kusema Yesu ndi amake ali ndi nkhope za Achewa.

Nanga bwanji m'makomboni mwathu kalendala ya pakhoma ikadali ndi Yesu wa tsitsi lofika m'mapewa ndi maso obiriwira? Mwana wa m'kalasi ya Sande amakula akuganiza kuti kumwamba kuli anthu ofanana ndi bwana wa famu, osati agogo ake amene anakalambira m'shedi akusankha fodya. Ena amati kujambula Yesu wakuda n'kunyoza. Koma amene anamupatsa maso obiriwirawo anali amisiri a ku Ulaya, ndipo nawonso ankangotengera nkhope za abale awo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chipembedzo cha Buddha chinakhazikika ku China chifukwa, mwa zina, amisiri a kumeneko anasiya kuchiona ngati mlendo. Tili nawo anyamata amene amalemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Akuluampingo, tchalitchi chikadzafuna penti, mudzawapatse khoma limodzi.