Limelight: ndiwe siginala kapena usipa?

Amwene, tawerengani izi musanalowe m'madzi.

Sabata yatha ndinakwera ku Mponela kukakonza pampu ya msuweni wanga. Mu minibasi mnyamata wina ankauza anzake kuti chaka chino alowa mu limelight basi, zivute zitani, olo adzichititse manyazi pa TikTok. Ndinamufunsa ngati akudziwa tanthauzo lake. Akuti ndi kutchuka. Ayi ndithu, sizimathera pamenepo.

Mawuwa anachokera m'nyumba za zisudzo ku England m'ma 1830, magetsi kulibe. Ankawotcha chibulumwa cha laimu pa lawi lotentha kwambiri mpaka chiwale mbee, kenako munthu wina n'kulozetsa kuwalako pa wosewera mmodzi. Ndiye kuti limelight ndi nyale, ndipo nyaleyo imakhala m'manja mwa wina.

Ife a kunyanja izi si zachilendo. Siginala akayatsa nyali pa bwato usiku wa mdima, usipa umathamangira kuwalako ngati wapeza mwayi. Sudziwa kuti chilimira chikuzungulira kale. Mmawa uli pa thandala.

Koma ku Dowa komweko kuli chitsanzo china. Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe kale panali ndende. Lero muli anthu oposa 50,000 othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2014 mmodzi wa iwo, wandakatulo Menes La Plume, anayambitsa Tumaini Festival mkati mwa kampumo. Alendo anayamba kubwera kudzaona oimba, ovina ndi osema a momwemo, amayi n'kugulitsa chapati, mabanja n'kulandira alendo ogona. Iyeyu sanathamangire nyale ya wina. Anaigwira yekha n'kuwalitsira anzake.

Sindikuti kudziwika n'koipa. Ngati uli ndi luso, lionetse, bongololo sadzolera mafuta pagulu koma iwe si bongololo. Vuto ndi kuvula ulemu wako chifukwa cha ma like, pomwe ndalama akudya ndi mwini peji, ndipo vidiyo ija idzakupeza tsiku lomwe ukukafunsira ntchito kapena mbeta.

Ndiye usanaponye chilichonse pa foni, dzifunse: nyaleyi wagwira ndani? Nanga m'mbalimu mukuzungulira chiyani?

Tumizirani mafana onse a pa doko.