Mumakonza malipiro a aliyense, nanga anu mudzawakambirana liti?

Msuweni wanga ndi akauntanti wongoyamba kumene pa kampani ina ku Limbe. Mwezi ndi mwezi ndiye amakonza payroll: kulowetsa manambala, kuchotsa PAYE, kuchotsa penshoni, kutumiza kubanki. Amadziwa zomwe aliyense amalandira, kuyambira mlonda mpaka bwana wamkulu. Koma chaka chachiwiri chikutha tsopano, ake sanasunthe ndi tambala yomwe. Loweruka lina tili pachiwaya anandifunsa kuti, "Aise, nkhani imeneyi munthu amayiyamba bwanji osaoneka wamwano?"

Ndinamuyankha kuti choyamba aiwale zonse zomwe amaona pa payroll. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mwaona kuti mnzanu amene munalowa naye limodzi akukuposani ndi K80,000, mtima wawawa, ndiye mukulowa muofesi n'kunena kuti "koma uje mumamupatsa zakuti." Mwadziwotcha nokha. Kusunga chinsinsi ndi imodzi mwa mfundo zikuluzikulu zomwe ICAM ndi ACCA amafuna kwa akauntanti aliyense, ndipo bwana akamva zimenezo saganizanso za malipiro anu. Amayamba kudzifunsa kuti kodi mwana ameneyu wauza kale anthu angati. Manambala amenewo anakupatsani kuti mugwirire ntchito, si mboni pa mlandu wanu.

Tsono nthawi. Inu a maakaunti muli ndi mwayi womwe anzanu a m'madipatimenti ena alibe, chifukwa mumadziwa nthawi yomwe bajeti imakonzedwa. Ngati chaka cha kampani yanu chimatha pa 31 December, nkhani ya malipiro a chaka chamawa imakhala ili patebulo cha mu October ndi November. Ngati mumayendera chaka cha boma, chomwe chimayamba pa 1 April, ndiye gogodani Khirisimasi ikangodutsa. Mukadikira mpaka bajeti itavomerezedwa, yankho mukulidziwa kale, mwina munalimvapo likuperekedwa kwa ena: "sizili mu bajeti." Pakadafunda padajiwitsa galu.

Palinso masiku oti ngakhale mutakwiya bwanji, ugwireni mtima. Kumapeto kwa mwezi mabuku akutsekedwa, ayi. Pa 13, PAYE ikuyenera kufika ku MRA pofika pa 14 ndipo Msonkho Online ikuzungulira osatseguka, ayi. Maodita ali m'kati akufunsa ma invoice a chaka chatha, ayi ndithu. Koma sabata yomwe maodita anyamula zikwama zawo osapeza vuto lalikulu mbali yanu, kapena zotsatira za mayeso zatuluka ndipo mwakhoza pepala lina la ACCA, imeneyo ndi nthawi yanu. Chimodzimodzi mnzanu akasiya ntchito, ntchito yake n'kugwera pa desiki yanu, miyezi itatu n'kudutsa osalemba wina. Ngati mukadali pa probation, dikirani kalata yokukhazikitsani kaye.

Nanga mukanene chiyani? Tinene zoona, chomwe chikukutumani ndi lendi, thiransipoti, thumba la chimanga, ndi mng'ono wanu uja amene fizi yake yagwera inu. Ndipo simukunama. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki, chikhalirecho inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022. Amene malipiro ake sanasinthe m'zaka zimenezi anatsitsidwa malipiro popanda kalata. Koma vuto la mfundo imeneyi ndi loti ndi ya aliyense. Dalaivala nayenso akulira lendi, bwana nayenso akudandaula mafuta. Itchuleni kamodzi, mwachidule, kenako pitani pa zomwe ndi zanu nokha.

Ndinauza msuweni wanga kuti atenge pepala limodzi, osati awiri, alembe zomwe ankachita atangolowa ndi zomwe akuchita lero. Analowa ngati wolowetsa ma invoice mu Sage. Lero akuchita bank reconciliation ya maakaunti onse, akukonza VAT kuti ipite pasanafike pa 25, akuthamangitsa amene ali ndi ngongole ku kampani, ndipo ndi iye amene amakhala ndi maodita. Atamaliza kulemba anangoti kakasi. Iye mwini samadziwa kuti ntchito yakula chonchi, ndiye bwana akanadziwa bwanji? Pomwe pali nambala ikani nambala: mabuku ankatsekedwa pa 15, pano akutsekedwa pa 8, chaka chonse sitinalipire chilango chochedwetsa msonkho. Akuluakulu a zachuma amamva chilankhulo chimenechi kuposa misozi.

Musawagwire pakhonde kapena pa WhatsApp usiku. Pemphani mphindi 15, ndipo nenani chomwe mukufuna kukakamba kuti asadzidzimuke. Mukalowa, mawu ake safunika kukometsera: "Bwana, ndagwira ntchito pano miyezi 20. Ntchito yomwe ndikugwira lero si imene ndinalembedwera, ndayilemba apa. Ndikupempha kuti malipiro anga aunikidwenso afike pa zakuti." Tchulani nambala. Ambiri timachita manyazi n'kunena kuti "chilichonse chomwe mungaone," ndipo chomwe amaonacho chimakhala cha minibasi ya sabata imodzi. Nambalayo ipezeni kunja: funsani anzanu a ku MUBAS kapena ku Malawi College of Accountancy amene ali m'makampani ofanana ndi yanu. Osayerekeza kampani yogulitsa zitsulo ndi banki kapena bungwe lolipira potengera dola.

Ndipo poti ndinu akauntanti, werengerani mbali zonse ziwiri musanalowe. Mukapempha K100,000 yowonjezera, siyonse ifike m'thumba, chifukwa PAYE idya yake ndipo 5 peresenti ipita ku penshoni. Kampani nayo siwononga K100,000 yokha, iwonjezerapo 10 peresenti yake ya penshoni. Mukasonyeza kuti mukudziwa zimenezi, mukukamba ngati munthu woyenera mpando wotsatira. Mukatha kunena, khalani chete. Chete ameneyo amayabwa, koma musamudzaze ndi "pepani ngati ndalakwa."

Akhoza kukana, ndipo palibe lamulo lowakakamiza kupitirira malipiro ochepetsetsa omwe boma limaika ndi zomwe zili mu kontrakiti yanu. Akakana musatuluke chimanjamanja. Funsani chomwe chikufunika kuti yankho lisinthe komanso mwezi womwe mudzakambiranenso, kenako tumizani imelo yaulemu yobwereza zomwe mwagwirizana. Pemphani zina zomwe sizilowa pa payroll: akulipirireni mayeso a ACCA, omwe amalipiridwa m'mapaundi ndipo aliyense amene anasakapo forex akudziwa ululu wake, akupatseni masiku owerengera, kapena asinthe dzina la udindo wanu kuti CV iyambe kulemera.

Chimodzi chokha ndikupemphani: musaopseze kuti mwapeza ntchito kwina pomwe mulibe kalata m'manja. Akauntanti a mu Blantyre ndi Lilongwe amadziwana, amakumana kumisonkhano ya ICAM, foni imodzi yokha bodza laululika. Komanso bwana wina amangoyankha kuti "zabwino zonse," inu n'kutsala pamtetete.

Msuweni wangayo pepala lake analemba, nambala anapeza. Kampani yawo imatseka chaka mu December, ndiye wapempha kuonana ndi bwana wake sabata yoyamba ya October, Lachiwiri m'mawa. Akuti mimba yayamba kale kuwira.