Ndalama Zafika pa Katete, Nanga Eni Ake Ali Kuti?

Wapaulendo wocokera ku Lusaka pa mseu wa Great East akafika pa Katete, amadziwa kuti kwatsala makilomita pafupifupi 90 kuti alowe mu Chipata. Basi imaima kanthawi, iye amagula nthoci ndi nshawa pazenera, ulendo ndi kupitirira. Kwa iye Katete ndi podutsa cabe. Koma kwa ife a m'Cigawo ca Kum'mawa, tauni yaing'onoyi ndi pamene midzi yambiri imadalira. Pano ndi pamene pamapatukira mseu wa ku Chanida, pamalire ndi Mozambique. Pano ndi pamene pali cipatala ca St Francis, cimene mipingo ya Anglican ndi Katolika imayendetsa pamodzi. Ndipo mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Tisaiwale kumene moyo wa pa boma umacokera. Cimanga, nshawa, thonje, soya ndi mpendadzuwa zimene zimadzaza msika zimalimidwa kumidzi, m'maiko a mafumu monga a Mbang'ombe ndi a Kawaza, ndipo zimabwera pangolo ndi panjinga. Mlimi akakolola bwino, wasitolo amagulitsa, mmisiri wa njinga amapeza nchito. Mtsinje ukadzaza popanda ulalo, mwana amalephera kupita kusukulu, mayi wapakati amacedwa kufika kucipatala, mbewu zimagulidwa pamtengo wolira cifukwa lole siifika pamudzi. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza m'mwezi wa Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa poyera midzi imene ili ndi mjigo kapena damu ndi imene ilibe.

Kale tikadandaula za zimenezi, yankho linali limodzi: ndalama zili ku Lusaka. Yankho limeneli lacepa mphamvu tsopano. Thumba la citukuko ca m'dera la phungu, lodziwika ndi dzina lakuti CDF, linayamba mu 1995, koma kwa zaka zambiri linali locepa. Mu 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazi zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu ndi la nchito za onse monga zipinda zophunziriramo, madesiki, mijigo, maulalo ndi nyumba zocirira amayi. Gawo lina ndi lolipirira ana osauka kusukulu za sekondale zogonera komweko ndi kumaphunziro a luso la manja. Linanso ndi la thandizo ndi ngongole za magulu a amayi ndi acinyamata.

Nanga ndani amasankha kumene ndalamazi zipite? Pempho limayambira pamudzi, limapita ku komiti ya citukuko ya m'wadi, m'mene mumakhalanso akhansala, kenaka ku komiti ya CDF ya dera lonse. Khonsolo ndiyo imasunga ndalama ndi kulemba akontrakita. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Wokhala pafupi ndi boma amamva msanga za tsiku la msonkhano ndi la kutenga mafomu. Wa kumudzi wakutali amadzamva mwezi utapita. Ndipo mudzi umene sunatumize munthu, pempho lake sililembedwa, ngakhale kuti ndiwo umamwa madzi pamodzi ndi ng'ombe.

Inu abambo ndi amayi, tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, dziwani maina a okuimirirani mu komiti ya m'wadi, ndipo apempheni anyakwawa kuti azilengeza masiku a misonkhano. Caciwiri, gwirizanani pamudzi pa cosowa cimodzi cacikulu musanapite kumsonkhano. Anthu khumi opempha ulalo umodzi amamveka kuposa anthu khumi opempha zinthu khumi. Paja cala cimodzi siciswa nsabwe. Cacitatu, nchito ikayamba, iyang'anireni. Funsani mtengo wake, dzina la kontrakita ndi tsiku lomalizira. Kufunsa si cipongwe kwa atsogoleri, pakuti ndalamazi ndi za misonkho yathu, si mphatso ya cipani ciliconse. Safunsa anadya phula.

Amayi, musatsalire kunyumba pa tsiku la msonkhano. Inu ndinu mudziwa utali wa njira ya kucitsime ndi mtengo wa njinga yamoto yopita ku St Francis usiku. Nanu otenga ngongole, bwezani, kuti gulu la mudzi wina lidzapezeko caka camawa.

Zimene tanena za Katete zikhudzanso Sinda, Chadiza, Vubwi, Nyimba ndi maboma ena a cigawo cathu. Mvula isanagwe, pamene miseu ikali kupitika, banja lililonse lifunse kuti msonkhano wa m'wadi udzakhala liti, ndipo lisankhe wokaliimirira.