Za m'Banja: Mwana wa Nthenda ya Shuga ndi Singano Yace



Mwezi uno tifuna kuceza ndi mabanja amene ali ndi mwana wodwala nthenda ya shuga, ija madotolo amaicha ya mtundu woyamba. Nthendayi sidza cifukwa ca kudya zotsekemera, ndiponso si ufiti ai. M'mimba mwa munthu muli kapamba, ndipo ina mwa nchito zace ndiyo kupanga insulini, imene imatsegulira cakudya njira yolowera m'minofu. Kapamba akaleka nchito imeneyi, shuga angodzala m'mwazi. Mwana amva ludzu losatha, akodza usiku wonse, naonda ngakhale adya nsima ngati munthu wamkulu.

Kale mwana wotere sanali kukhalitsa. Koma m'caka ca 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anayamba kutenga insulini m'kapamba wa nyama, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, dzina lace Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa nayo. Anali pafupi kutsirizika, koma anakhalanso ndi moyo zaka 13.

Masiku ano m'maiko olemera odwala ambiri amavala kamakina kochedwa pampu, kolowa m'thumba la malaya, kamene kamathira insulini pang'onopang'ono usana ndi usiku, kudzera m'kapaipi kofika pansi pa khungu. Makolo ena akamva za ici kwa abale ao okhala kunja amataya mtima, namati mwana wao akulandira mankhwala a amphawi. Ife tikana. Pampu sitiinyoza, pakuti imacepetsa kubaya ndithu. Koma mtengo wace ndi woopsa, kapaipi kace kafunika kusintha pakapita masiku 2 kapena 3, ndipo kakatsekeka usiku mwana angadwale zedi m'maora owerengeka, popeza pampu imathira insulini yogwira msanga yokhayokha, yosakhalitsa m'thupi. Pamudzi potalikira cipatala, cimeneci si cinthu cacing'ono.

Ndiponso tamvani ici. Madotolo a ku America ndi Canada anayang'anira odwala 1,441 kwa zaka zingapo, nalengeza zimene anapeza m'caka ca 1993. Mwa iwo amene maso ao anali asanaonongeke, osamala shuga wao mwakhama anacepetsa ngozi ya kuonongeka maso ndi magawo 76 pa 100. Ndipo osamalawo sanali a pampu okhaokha: enanso anali kudzibaya ndi singano katatu kapena kuposa pa tsiku.

Tsono singano ifuna banja lonse. Insulini ina imagwira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ina imagwira msanga ndipo ndi ya pa cakudya. Ena amalandira yosakaniza, kawiri pa tsiku. Muyezo ndi wa dotolo, si wa agogo kapena wa mnansi. Mwana akabayidwa, cakudya cisacedwe. Apa amai ndiwo eni nkhani, pakuti mwana wobayidwa m'mawa sangadikire nsima ya dzuwa litapendeka, monga ticitira nthawi ya kupalira. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kapena kulankhula zosamveka ngati woledzera, shuga watsika: mpatseni msanga masupuni ang'ono 3 a shuga m'madzi, kenaka cakudya. Akakomoka musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni cammbali, ndi kuthamangira naye kucipatala. Kulima, mpira ndi ulendo wautali zimatsitsanso shuga, ndiye aziyenda ndi kashuga m'thumba, ndipo aphunzitsi ace adziwe.

Pobaya muzisinthasintha malo, pamimba, panchafu, pamkono; pakuti pobayidwa kawirikawiri pamatupa ciphudu, ndipo mankhwala salowa bwino pamenepo. Opanda firiji asade nkhawa. Botolo lotsegula limakhala pafupifupi masabata 4 ngati silionana ndi dzuwa kapena moto. Likulungeni m'pulasitiki, muliike m'kamphika kadothi kouma, ndipo kamphikako mukakhazike m'mphika waukulu wa mcenga wonyowa, pamthunzi.

Koma cimene citiwawa mtima koposa ndi ici: alipo alaliki amene amauza makolo kuti ataye singano, ati kubaya ndiko kucepa cikhulupiriro. Mwana wa nthenda iyi akasiya insulini amayamba kusanza, kupuma mozama ndi kukomoka, ndipo angafe m'masiku ocepa. Mpingo suphunzitsa cotero. Tipemphere naye, Bambo Mfumu amdalitse, ndipo madzulo abayidwe monga mwa masiku onse. Ngakhale atadwala malungo nakana kudya, insulini isasiyidwe konse; mpatseni zakumwa, nimupite naye kwa dotolo tsiku lomwelo kuti akonze muyezo.

Kunena za kusala cakudya, lamulo la Lacitatu la Phulusa ndi Lacisanu Loyera silimanga odwala, ndipo ora lija losala tisanalandire Ukaristia silimanganso iwo. Mwana akamva kunjenjemera pakati pa Misa, adye kashuga kace pomwepo pa benchi, nadzalandire pamodzi ndi anzace.