Mkaka wa Mayi Suwola: Tidyetse Mayi kuti Mwana Ayamwe

Ntchito yanga ndi yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama, ndipo owerenga ena angadabwe kuti woyang'anira zaukhondo walowa bwanji m'nkhani ya bere. Chandichititsa ndi chimene ndinaona tsiku lina m'dzinja, nditapita kukathira mankhwala m'chitsime cha mudzi wina. Pakhonde la nyumba yoyandikana ndi chitsimecho panali agogo akumwetsa khanda la miyezi itatu ndi botolo. Ntchentche zinali piringupiringu pakamwa pa botololo, ndipo mkaka wake unali woyera mwa dzina lokha, poti anachulutsa madzi kuti chitini chifike kumapeto a mwezi. Mayi wa khandalo anali pomwepo, maso ali pansi. Nditafunsa, agogowo anandinong'oneza kuti: "Bambo, mwana wangayu anamupeza ndi kachirombo. Mkaka wake unawola, ndi madzi okhaokha."

Mawu amenewa ndawamva m'midzi yambiri, ndipo amanenedwa ndi anthu okonda zidzukulu zawo. Komabe ndiyenera kunena poyera kuti ndi olakwika, ndiponso kuti atayitsa miyoyo ya ana amene akanakula.

Pali mafunso awiri amene timawasokoneza. Loyamba: kodi kachirombo ka HIV kamapezeka mumkaka wa m'mawere? Inde, kamapezeka. Madokotala a ku Australia anasimba za mwana amene anakatengera kubere m'chaka cha 1985, chaka chomwenso matenda a Edzi anatsimikizika koyamba m'Malaŵi muno. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi kachiromboka amakatenga ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa mankhwala a ARV mokhulupirika, chiwerengerochi chimatsika mpaka kuchepera ana 5.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi kachiromboka kamaononga chakudya chimene chiri mumkakamo? Iyayi. Mkaka wa mayi aliyense uli ndi madzi pafupifupi magawo 87 mwa magawo 100, ndipo otsalawo ndi shuga, mafuta, zomanga thupi, mavitamini, ndi zoteteza mwana kumatenda otsegula m'mimba ndi chibayo. Akatswiri amene ayeza mkaka wa amayi okhala ndi kachirombo apeza kusiyana kwa apa ndi apo, koma mkakawo ndi wokwanira kukuza mwana. Thupi la mayi limalolera kudzidya lokha kuti mwana asasowe: mayi amayamba kuwonda mkaka wake usanasinthe kwenikweni.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kachirombo kamafooketsa mkaka podzera mwa mwini wake. Kamachotsa chilakolako cha chakudya, kamabweretsa zilonda za m'kamwa, kutsegula m'mimba ndi chifuwa chachikulu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu wamkulu wokhala ndi kachirombo, ngakhale asanayambe kudwala, amafuna chakudya chopatsa mphamvu choonjezera ndi magawo 10 pa 100, ndipo akamadwala amafuna magawo 20 mpaka 30. Kuyamwitsa nakonso kumafuna makalori pafupifupi 500 pa tsiku, kunena kwake ngati mbale ina yathunthu pamwamba pa zimene mayi amadya kale. Ndiponso mavitamini ena, monga vitamini A ndi a gulu la B, pamodzi ndi ayodini, amachuluka kapena kuchepa mumkaka molingana ndi zimene ziri m'mbale ya mayiyo.

Umboni wa izi sitiufuna kutali. Kuyambira m'chaka cha 2004 mpaka 2010 mumzinda wa Lilongwe munachitika kafukufuku wotchedwa BAN, amene anatsatira amayi oyamwitsa 2,369 okhala ndi kachirombo pamodzi ndi ana awo. Amayi amene ankapatsidwa chakudya choonjezera chonga chiponde sanawonde kwambiri ngati anzawo, ndipo mkaka wawo unali ndi mavitamini a gulu la B ochulukirapo. Kunaonekanso kuti mankhwala amene ankaperekedwa masiku amenewo ankachepetsako phindu limeneli. Phunziro lake si lakuti mayi asiye mankhwala, popeza kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mankhwalawo anateteza ana ambiri. Phunziro ndi lakuti mayi womwa mankhwala ayenera kudya bwino koposa.

Chinanso chimene chimasintha mkaka ndi kudwala kwa bere. M'chaka cha 1999 ofufuza a ku Blantyre anaonetsa kuti bere likatupa, mkaka wake umachuluka mchere ndiponso kachirombo. Choncho mayi aphunzire kuika mwana kubere moyenera kuti nsonga zisang'ambike. Bere likatupa kapena kuchita zilonda, apite kuchipatala msanga, azilikama ndi kutaya mkakawo, mwana nayamwabe bere linalo.

Alipo ophunzira amene amanditsutsa ponena kuti m'maiko onga Britain amayi otere amalangizidwa kupereka mkaka wa m'chitini. Zimenezo ndi zoona, ndipo inenso sindinena kuti mankhwala amachotseratu chiopsezo chonse. Koma kumeneko madzi abwino amatuluka pampopi m'nyumba, ndipo chitini chikatha china chiri pafupi. Ine ndimadziwa madzi amene anthu athu ambiri amamwa, chifukwa kuwayendera ndiyo ntchito yanga. Tikumbukenso zimene zinagwa ku Botswana, dziko limene boma linkagawa ulere mkaka wa m'chitini kwa amayi okhala ndi kachirombo. Kutagwa mvula yamphamvu kumayambiriro a chaka cha 2006, madzi anaipa, matenda otsegula m'mimba anapha ana mazanamazana, ndipo amene anakhudzidwa koposa anali ana osayamwa. Botolo lotsukidwa ndi madzi a padambo ndi mdani woopsa kuposa bere la mayi womwa mankhwala.

Choopsanso ndi kuphatikiza. Kafukufuku wa ku Durban wa m'chaka cha 1999 anaonetsa kuti makanda opatsidwa bere pamodzi ndi madzi, phala kapena zakumwa zina ankatenga kachirombo kwambiri kusiyana ndi oyamwa bere lokha. Matumbo a khanda ndi anthete. Phala lamadzimadzi ndi madzi a zitsamba zimawapweteka, ndipo kachirombo kamapeza polowera.

N'chifukwa chake dziko lathu, m'chaka cha 2011, linakhala loyamba pa dziko lonse kukhazikitsa dongosolo lakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndi kuwamwa moyo wake wonse. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2016 akuti mayi wotere ayamwitse bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenaka aonjezere zakudya zina akuyamwitsabe kwa miyezi yosachepera 12, ndipo angathe kupitiriza mpaka miyezi 24. Mwana naye alandire mankhwala ake omuteteza, azipita kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo ayezedwe magazi akakwanitsa milungu 6, chaka chimodzi ndi zaka ziwiri.

Pempho langa tsono likupita kwa inu abambo ndi agogo, chifukwa mutu umodzi susenza denga. M'mabanja ambiri mayi ndiye amadya pomalizira, ndiwo yabwino itapita kale kwa amuna. Mwambo umenewu uleke pamene m'nyumba muli woyamwitsa. Zofunika siziri m'sitolo ya m'tauni ayi: nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa, mazira, nkhwani kapena bonongwe wotendera nsinjiro, mbatata yofiira m'kati, mapapaya, mango, ndi mchere wokhala ndi ayodini. Mumuchepetsere mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi, mumukumbutse mankhwala, ndipo tsiku lokatenga mankhwalawo mumuperekeze. Nanunso abambo kayezetseni, popeza mayi akatenga kachirombo pamene akuyamwitsa, kamachuluka kwambiri m'thupi mwake ndipo mwana amakhala pangozi yaikulu.

Agogo aja sindinawadzudzule. Ndinakhala nawo pamphasa, tinakambirana, ndipo tsiku lomwelo ndinawaperekeza pamodzi ndi mwana wawo ndi mdzukulu kukaonana ndi anamwino. Panjira ndinawafunsa mtengo wa chitini chimodzi, kenaka tinawerengera limodzi milu ya usipa ndi mazira amene ndalama imeneyo ikanagulira mayiyo. Anangogwira pakamwa. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi anzanga a zaumoyo, tiyeni tiwerengere masamu omwewa pamodzi ndi banja liri lonse limene tiripeza ndi botolo pakhonde.